Ulonda wa Dzino Logwedera

Pamene mdzukulu wanga wamkazi ankatulutsidwa m'chipatala atadwala malungo, adokotala adatiuza kuti matendawo adachepetsa mapulateleti, tinthu timene timachititsa magazi kuundana pabala. "Kufikira titamuyezanso," adatero, "asagwe, asadzicheke, asatuluke magazi paliponse."

Ndidavomera mwaulemu. Titangofika kwathu ku Kawale, mwanayo adayasamula nandionetsa dzino lakutsogolo likugwedera ngati chitseko cha bafa.

"Agogo, taonani!" adatero akulikankha ndi lilime.

Motero ine, munthu amene ndidapuma pa ntchito ndi mbiri yabwino, ndidasanduka mlonda wa dzino limodzi. Ndidaletsa nzimbe, chimanga chootcha ndi kuseka kopitirira muyeso. Lilime ndilo lidandisautsa, pakuti limakhala m'kati ndipo silimva lamulo.

Mayi oyandikana nafe, amene adazula mano a ana onse a mumzere mwathu, adafika atakulunga kale ulusi wakuda pachala.

"Abambo, kadzino aka n'kongoti zuu, basi!"

"Pepani mayi, magazi ake sadakonzeke."

"Iii! Magazi amachita kukonzeka ngati mkwatibwi?"

Adachoka akung'ung'udza, koma m'mawa uliwonse ankasuzumira pampanda, ulusi uli m'manja. Mwanayo naye ankalira kuti khwangwala atopa kudikira, popeza dzino lozuka limaponyedwa padenga kuti mbalameyo ibweretse latsopano. Ndidamutsimikizira kuti khwangwala ali patchuthi.

Tsiku loyezanso magazi, adokotala adati mapulateleti abwerera mwakale ndipo dzino likhoza kuzulidwa. Ndidauza mwanayo kuti alionetse. Adayasamula. Padali mpata.

"Lili kuti?" ndidafunsa.

"Ndameza ndi nthochi ija munandigulira muminibasi, agogo."

Palibe ngakhale dontho la magazi limene lidaoneka pamalaya ake. Adokotala adaseka mpaka kuvula magalasi.

Kunyumba kudabuka mlandu wina: padenga tiponyapo chiyani? Mwanayo adakana kudya, poopa kukhala ndi mpata moyo wake wonse. Ndidatsegula thumba la chimanga, ndidasankha njere yoyera ndi yosalala koposa zonse, ndipo iye adaiponya pamalata. Khwangwala adaitola osafunsa mafunso.

Dzino latsopano lidamera lalikulu, lotambalala, lofanana ndi njereyo. Mayi a ulusi aja akakumana nane pamsika amangoti, "Abambo, bwenzi mutasankha mpunga."