Mphukira za mapira

Chaka cha chilala chija mawere anga anauma mwana wanga woyamba asanayambe kukwawa. Ndinkakhala ku Chiparamba kwa makolo a amuna anga, amuna angawo ali ku Kapata kufunafuna ganyu. Chimene chinkasunga mwana ndi mbuzi imodzi yaikazi. Ndinkaikama m'mawa, n'kuwiritsa mkakawo, n'kumumwetsa ndi supuni.

Mapira a kuseri kwa nyumba anapserera asanabereke, ndipo apongozi aamuna anawadula. Kenaka kunawaza kamvula, zitsa zija n'kuphuka timasamba tobiriwira, tokhato m'mudzi monse. Apongozi aakazi anandikokera pambali.

"Mbuzi isafike apo, mwana wanga. Mapira ukawavulaza sakhala chete. Bala la patsinde limatumiza mawu kumasamba atsopano kuti adani abwera, ndiye amatuluka ndi poizoni. Ng'ombe yeniyeni imagwa."

Kwathu sitinkalima mapira. Kuchokera tsikulo ndinkadutsa pazitsa zija ngati pamanda. Chomera chopanda pakamwa chingauzane bwanji? Ndinkachita mantha ngakhale kuzikhudza ndi chitenje.

Tsiku lina masana, apongozi aakazi atapita kumaliro, ndinatuluka ndi mwana kumsana n'kupeza chingwe cha mbuzi chaduka. Mbuzi inali pakati pa mphukira, miyendo ikunjenjemera, thovu kukamwa, ikupuma ngati yathamanga kuchokera ku boma. Pakhomo panali apongozi aamuna okha, akusema mpini pansi pa mtengo wa mango.

Chikwatiwire ndinali ndisanalankhulepo nawo. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira kutchire n'kugwada. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe, mbuzi ikugwada n'kudzukanso. Mwana anayamba kulira kumsana. Ndinapita, n'kugwada pafupi nawo kwambiri kuposa mmene mwambo umalolera.

"Bambo, mbuzi yadya mapira aja."

Sanandiyang'ane. Anaponya kasemasema pansi.

"Sinjani makala, amake mwana. Msanga. Muwasakanize ndi madzi m'botolo."

Ndinasinja mofulumira moti makala ena anatayika. Iwo anaipana mbuzi ndi mawondo n'kuikweza mutu, ine ndikuithira madzi amakalawo kukamwa. Maso ake anali atatembenuka. Ankaisisita pamimba akuitukwana pang'onopang'ono: "Dyera lako iwe, ufuna kupita ndi mdzukulu wanga?"

Dzuwa litapendeka, mbuzi inaimirira n'kukodza. Koma apongozi aamuna anandiletsa kumwetsa mwana mkaka wake, poti sitinkadziwa ngati poizoni uja walowamo. Ndinkakama n'kutaya kudzala, mwana akulira ndi njala. Phala lamadzimadzi ankalilavula. Liwombo lake linayamba kulowa, ndipo ndinkalikhudza kawirikawiri mpaka apongozi aakazi anandimenya padzanja.

M'mawa wina apongozi aamuna anaitanitsa kapu ya mkaka wowiritsa. Anamwa theka, n'kukhala pakhonde.

"Ndikagwa, musam'patse," anatero, akuyang'ana kumbali. "Ndikapanda kugwa, ndipatseniko fodya."

Apongozi aakazi anaseka, ine ayi. Ndinakhala pakhomo la khitchini ndikuyang'anitsitsa miyendo ya apongozi aamuna ndi pakamwa pawo. Atakhosomola kamodzi, ndinadzambatuka. Mthunzi utafupika, anadzuka, anadziwongola, n'kukankhira kapu ija kumbali kwanga.

Ndinam'mwetsa supuni imodzi n'kudikira. Mwana anagwira chala changa n'kukokera supuni kukamwa kwake.