Kuseri kwa Boneti

Ndikukumbukira chaka chimene msuweni wanga Yohane anabwera kudzakhala kwathu pa boma la Phalombe, mayi ake atamwalira ku Nkhulambe. Anali mwana wa mlongo wawo wa bambo anga, ndipo kwathu kuno mphwako, mwana wa mlongo wako, ndi magazi ako enieni, pomwe mwana wobereka wekha amati ngwa kuchikazi. Izi ndinkazidziwa, choncho ndinamuda asanatule ndi chikwama chomwe.

Bambo ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango. Panali galimoto ina ya mlangizi wa zaulimi wochokera kumpoto, imene inkangozima ikaima, chifukwa cha fumbi la misewu yathu. Ikabwera, bambo ankakweza boneti n'kuuza Yohane kuti akhale pampando wa dalaivala aziponda moto akamuuza. Ine ankandiimika pambali pawo, kansanza konunkha petulo kali m'manja.

Ankandionetsa chitsulo chimene amakaniko amati thirotulo, koma iwo ankachitcha kholingo la injini. M'kati mwake muli kachitseko kozungulira. Dalaivala akaponda moto, waya amakoka kachitsekoko, mpweya n'kulowa wambiri, petulo n'kuwonjezekera, injini n'kulira. Akachotsa phazi kamatseka, kungosiya kampata kopumira. Mwaye ukamata pakampatapo, injini imabanika n'kuzima. Ankafotokoza zonsezi mofatsa, chala chawo chakuda chikutsegula ndi kutseka kachitsekoko, koma ine zinkangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Mtima wanga unali pa Yohane, wogwira chiwongolero ngati bwana, ana opita kumjigo akumusuzumira. Nsanje inkandiwawa ngati chilonda.

Tsiku lina ndinaponya kansanza pansi n'kunena kuti popeza iwo amakonda mphwawo, ine ndatopa kukhala wopukuta mwaye.

Bambo anatembenukira kwa ine n'kunena kuti:

"Ukufuna mpando? Pita ukakhale. Yohane, tabwera kuno."

Ndinalowa monyadira. Mpando unali wofewa, chiwongolero chotentha ndi dzuwa. Koma nditadzutsa maso, patsogolo panga panali boneti yokha, yakuda bii. Sindinkaona bambo, sindinkaona injini. Ndinkangomva "ponda" ndi "siya", ndipo pakati pa mawu awiriwo ndinkamva Yohane akufunsa mafunso amene ine sindinafunsepo, bambo akuyankha, kenako onse awiri akuseka. Anali asanasekepo choncho ndi ine.

Madzulo Yohane anandiuza kuti masiku onse aja ankakhala m'galimotomo akundisirira, akumamva malume ake akulankhula ndi mwana wawo, iye ali yekha kuseri kwa chitsulo. Anandithokoza, ndipo kuthokozako kunandipweteka kuposa kutukwanidwa.

M'mawa mwake ndinapempha kuti tibwezerane malo. Bambo anati munthu sachotsedwa pamene wayamba kuphunzira. Malo anga sanabwerenso.

Bambo atamwalira, bokosi la masipanala linapita kwa Yohane, ndipo palibe anatsutsa, ngakhale ine. Lero ndimayendetsa minibasi. Ikayamba kubanika ndimapita nayo kwa iye, pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Tsopano ndimadziwa kuti bambo anali atandipatsa malo apafupi ndi iwo, ine n'kuwasinthanitsa ndi mpando. Nsanje sinatheretu, ndisaname. Yohane amakweza boneti, mwana wake ataima pambali ndi kansanza, ndiye amandiuza kuti, "Asuweni, takhalani pampando muziponda."