Ndinamumana Madzi Luziya Wanga

Ndinamumana madzi mwana wanga akutsegula m'mimba, ndikuganiza kuti ndikumuchiza. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, nkhaniyi ndakhala nayo mumtima zaka zambiri, ndipo ndikuyamika Mulungu kuti wandisunga mpaka ndainena.

Inali nthawi ya Apwitikizi, tikukhala kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Amuna anga anali atatengedwa kukagwira chibalo panjanji yopita ku Entre Lagos, ine n'kutsala ndi munda wa thonje wokakamizidwa ndi mwana wathu Luziya, wa zaka zitatu. Mvula yoyamba itagwa, Luziya anayamba kutsegula m'mimba.

Kwathu anthu ankati chotuluka mwa mwana wotereyu ndi madzi, ndiye ukamumwetsa ukungowonjezera matenda. Azakhali anga anandilangiza kuti ndimuletse kumwa mpaka m'mimba muume. Sanali oipa mtima ayi, nawonso anauzidwa choncho. Ine ndinamvera ndi mtima wonse. Mtsuko ndinaukweza pansanja. Tsiku lachiwiri ndinamupeza akunyambita chikho chonyowa, ndinamulanda n'kumumenya kadzanja. Iye ankangoti, "Amayi, pang'ono pokha." Ndinamuuza kuti akachira adzamwa mtsuko wonse.

Tsiku lachitatu ndinapempha kapitawo woyang'anira thonje kuti andilole kupita ndi mwana kuchipatala. Anandifunsa ngati udzu wa m'munda ukudziwa kuti mwana akudwala, kenako anandikumbutsa za mbalamatodya, thabwa lija asipayi, apolisi a Apwitikizi, ankatimenyera m'manja. Ndinachita mantha, ndinapita kukapalira. Luziya ndinamugoneka pamthunzi, chipanda changa cha madzi n'kuchipachika mumtengo kuti asachifikire. Ludzu likandigwira ndinkamwa nditamufulatira. Amamva ndithu ndikumeza. Pobwerera kunyumba kutsegula kunali kutachepa, ndipo ndinagwada kuyamika. Sindinadziwe kuti m'thupi mwake munalibenso choti chituluke.

Kutacha maso ake anali atalowa, akulira wopanda misozi. Thonje ndinaliiwala, ndinamubereka ulendo wa kuchipatala cha boma. Namwino, bambo wina wosaseka, anamutsina khungu la pamimba, khungulo linangotsala chiimire. Anandifunsa kuti mwanayu wamwa liti komaliza. Ndinamuuza zoona.

Anandifunsa ngati ndinatsukapo matumbo a mbuzi. Anati athunso ndi otero: chakudya chikatafunidwa chimatsikira m'chifu n'kugayidwa, kenako chimayenda m'matumbo aatali aja, ndipo matumbowo ndi amene amayamwa madzi ndi zonse zopatsa mphamvu kuti zilowe m'magazi. Munthu akamatsegula m'mimba, zonse zimathamanga matumbo asanayamwe zokwanira, thupi n'kumataya ngakhale madzi ake omwe. Koma matumbo sasiyiratu ntchito, ukamwetsa pang'onopang'ono ena amalowa ndithu.

"Mayi, matendawa akanatha kuchoka," anatero. "Koma inu mwamuyanika mwanayu ngati nsomba pathandala."

Anandipatsa supuni ndi madzi owiritsa kuti ndimumwetse ndekha. Luziya anameza katatu. Kachinayi madzi anatsikira patsaya. Dzuwa lisanapendeke anali atatisiya. Maliro atangotha kapitawo anatuma uthenga kuti munda wamera thengo, ndipo ndinakapalira.

Mulungu ndi wachifundo, anandipatsanso ana anayi. Onsewo anatsegulapo m'mimba ali aang'ono, ndipo onse ndinkawamwetsa usana wonse. Lero ali ndi mabanja awo.

Inu owerenga, mwana akatsegula m'mimba mpatseni madzi owiritsa pafupipafupi, kaphala kamadzimadzi, ndi bere ngati akuyamwa. Akasanza dikirani pang'ono, muyambirenso. Thamangirani naye kuchipatala maso asanalowe, ntchito idzakupezani. Wina akakuuzani kuti mumuumitse m'mimba, ngakhale akhale wamkulu amene mumamukonda, mukaneni mwaulemu. Azakhali ndinawakhululukira kalekale. Amene ndikulimbana nayebe m'mapemphero ndi ine mwini.