Tsiku Limene Ndinaitanitsa a Mbewe Osalakwa

Ntchito yanga yoyamba ya m'boma ndinaipeza ndili pa boda ya Mchinji. Nthawi imeneyo ndinkathandiza m'kashopu ka msuweni wanga, kufotokopa mapepala a madalaivala a mathiraki ndi kutaipira makalata maejenti olowetsa katundu. Tsiku lina bambo wina anabwera ndi nyuzipepala kuti ndimufotokopere tsamba limodzi, akapatse mwana wake. Pepala likutuluka m'makina, maso anga anagwera pa chilengezo chakuti ofesi ya boma yoona za khalidwe la anthu ogwira ntchito m'boma ikufuna kalaliki ku nthambi yake ya pa Mchinji boma. Ndinatulutsa mapepala awiri, limodzi n'kulipinda kuika m'chikwama. Patapita miyezi inayi, nditaiwalako kale, anandiitana ku intavyu ndipo ananditenga. Anati miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ikhala yondiyesa.

Ofesi yake inali ya zipinda ziwiri basi. M'chipinda chamkati munkakhala abwana anga, Mayi Kalinde, mayi wamfupi wamagalasi yemwe sindinamumvepo akukalipa. Chakunja chinali changa. Munali tebulo, kompyuta yakale, kabati yachitsulo yokiya, chidindo cholemba tsiku, ndi buku lalikulu lachikuto chakuda lolembamo madandaulo.

Anthu ambiri amaganiza kuti ofesi ngati imeneyi imangogwira akuba. Zoona zake n'zakuti madandaulo ambiri ndi a zinthu za tsiku ndi tsiku: namwino wolalatira odwala, mlangizi wokondera abale ake, wina woyenda ndi galimoto ya boma kukatuta chimanga chake. Munthu akabwera ndi dandaulo, ndinkalilemba monga walinenera, kumuwerengera kuti avomereze, kudinda tsiku, n'kulipatsa nambala m'buku lija. Dzina la wodandaula sililowa m'fayilo. Limalembedwa papepala lapadera lomwe limatsekeredwa m'kabati, kuti munthu asadzazunzike chifukwa chonena. Abwana akaona kuti nkhaniyo ndi yofunika kuimva, ine ndinkafufuza wodandaulidwayo pa mndandanda wa ogwira ntchito, kutenga nambala yake ya ntchito ndi malo amene ali, n'kulemba kalata yomuitana kuti adzayankhe pamaso pa komiti. Abwana amasaina, mesenjala amakapereka, wolandira amasaina m'buku la makalata.

Sabata yoyamba Mayi Kalinde anandiuza kuti, “Kuno ku Mchinji dzina si munthu, Esnart. Mukaitana a Phiri pamsika, atembenuka anthu makumi awiri. Muzitsimikiza.”

Ndinavomera, ndipo kwa miyezi isanu ndinkatsimikizadi. Kenako manja anazolowera, ndipo ndinayamba kudziona ngati katswiri.

M'mwezi wa Meyi kunabwera mayi wina wochokera kwa Zulu, yemwe dzina lake sinditchula. Anadandaula kuti mphunzitsi wa mwana wake pasukulu ya komweko, a Lameck Mbewe, amatulutsa ana a Sitandade 6 m'kalasi nthawi ya maphunziro kukawathotholetsa mtedza kumunda kwawo. Mwana wake anabwerako atabayidwa ndi chitsa kuphazi, bala n'kutukusira. Fayiloyo inakhala kwa abwana masabata angapo, ndipo mu Juni anandibwezera atalembapo kuti aitanidwe.

Ndinatsegula mndandanda wa aphunzitsi pa kompyuta, n'kutaipa dzinalo. Linatuluka nthawi yomweyo: Mbewe Lameck. Koma sukulu yake sinali ya kwa Zulu, inali ya kwa Dambe. Ndinaliona bwinobwino vutolo, sindinganame. Ndinangodziuza kuti aphunzitsi amasamutsidwa kawirikawiri, mndandandawu ndi watsopano, ndiye kuti bamboyu amusamutsa dandaulo litabwera kale. Sindinatsike m'munsi kuona ngati pali dzina lina. Sindinaimbe foni ku ofesi ya zamaphunziro, yomwe inali mtunda woyenda pansi. Ndinalemba kalatayo, abwana anasaina, ndipo Lolemba mesenjala anakaisiya kwa Dambe. Komiti inali yoti ikhale Lachiwiri la sabata yotsatira.

Lachinayi m'mawa, kukuzizira kwambiri, mayi wodandaula uja analowa atafunda chitenje kudzafunsa kuti nkhani yake yafika pati. Ndinamuuza monyadira kuti aphunzitsi aja aitanidwa, kalata yawapeza kumene anasamukira.

“Kusamukira kuti?” anafunsa mayiyo. “Dzulo lomweli ndawaona pasukulu, akupukuta njinga yawo yamoto. Mnyamata ameneuja sanapite kulikonse.”

Mawu akuti mnyamata ndi amene anandilasa. Ndinamupempha kuti adikire panja, n'kutsegulanso mndandanda uja. A Mbewe omwe ndinawalembera kalata anali atatsala chaka chimodzi kuti apume pantchito. Nditatsika mizere itatu, ndinapeza Mbewe Lameck wina, wobadwa zaka pafupifupi makumi atatu pambuyo pawo, ali pasukulu yomweyo ya kwa Zulu imene inalembedwa m'dandaulo.

Nthawi yondiyesa inali itatsala masabata atatu kuti ithe. Kunyumba kwathu aliyense ankadziwa kuti Esnart ali m'boma, mayi anga anali atalengeza ngakhale ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Maganizo oipa anabwera mwamsanga, ndipo ankaoneka anzeru. Ndikanatha kulemba kalata ina mwakachetechete, kuilowetsa pakati pa mapepala oti abwana asaine, kenako kumutuma mesenjala akauze mkulu wa kwa Dambe uja pakamwa kuti asabwere. Ndinafika poitaipa mizere iwiri. Koma buku la makalata linali ndi siginecha ya munthu wosalakwa, ndipo kuti ndibise zimenezo ndikanayenera kung'amba tsamba. Ndinakhala ndikuliyang'ana bukulo, n'kuona kuti ndikang'amba, dzina langa ndi limene likuyenera kulowa m'buku la madandaulo.

Ndinakagogoda kwa abwana. Ndinafotokoza zonse, ngakhale zakuti ndinaona kusiyana kwa sukulu koma ndinangoganizira. Mayi Kalinde anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

“Mwadziwa nthawi yanji?”

“Pompano, bwana. Sipanathe theka la ola.”

“Chabwino. Inenso ndinasaina osafunsa. Kalata yopepesa ndilemba ine, koma okaipereka ndinu. Ine ndikaima pambali panu. Muuzeni mayi ali panjayo kuti nkhani yake sinatayike, abwere Lolemba.”

Foni ya ahedi a sukulu ya kwa Dambe sinkagwira, choncho tinanyamuka pa galimoto ya ofesi cha m'ma 10. Titasiya tala tinalowa msewu wafumbi, kudutsa minda yokolola kale ndi zigafa za fodya zopanda kanthu. Ine ndinafumbata envulopu pamiyendo mpaka inanyowa ndi thukuta, ngakhale kunja kunali mphepo.

Ahedi anatilandira ndi nkhope yolemera. Anati a Mbewe sanabwere kusukulu kuyambira Lachiwiri. Kalatayo anaiwerengera mu ofesi momwemo, anawaonetsa ahediwo, n'kutuluka osatenga ngakhale chipewa. Nkhani inali itafalikira kale. Ena ankati agwidwa ndi nkhani ya mayeso, ena ankanena zoipa kuposa pamenepo. Ahediwo anati bamboyu waphunzitsa pasukulupo zaka zoposa makumi awiri, ndipo makolo ambiri a ana a pamenepo anadutsa m'manja mwake.

Nyumba ya a Mbewe inali kuseri kwa bwalo la mpira. Tinapeza akazi awo akuanika nyemba pamphasa. Ataona galimoto ya boma anaimirira, manja ali m'chiuno.

“Mwabwera kudzawatenga? Masiku atatu sakudya. BP yakwera. Mukufuna afere m'manja mwanu?”

A Mbewe anatuluka okha. Anali bambo wamtali woonda, wa imvi, atavala jekete la suti pamwamba pa juzi. Anatipatsa mipando, natipatsa moni mwaulemu ngati alendo abwino. Ine ndinalephera kukhala pampando. Ndinagwada pansi n'kuyamba kunena zomwe ndinakonzekera m'galimoto, koma iwo anandidula.

“Dikirani kaye, amayi. Ndalemba kale yankho langa. Ndakumbukira tsiku lake.”

Anatulutsa m'thumba la jekete mapepala atatu a m'kope, olembedwa bwino ndi dzanja lauphunzitsi. Anafotokoza kuti m'mwezi wa Epulo akuchokera kumunda Loweruka, teyala la njinga yawo linaphulika pafupi ndi mjigo. Ana awiri a m'kalasi mwawo anawathandiza kunyamula thumba la mtedza mpaka kunyumba, ndipo iwo anawapatsa nzimbe. Kuyambira Lolemba anakhala akufufuza mumtima mwawo kuti analakwira mwana wa yani, ndipo chimene anapeza ndi chimenechi. Anali atapita kale kwa makolo a ana awiriwo kukapepesa. Analinso atauza abusa kuti Lamulungu likubwerali sawerenga mawu m'tchalitchi mpaka nkhaniyi itatha.

Apa ndinalira, ngakhale ndinalonjeza mumtima kuti sindilira. Ndinawauza kuti sanalakwe chilichonse, kuti kalatayo inali ya munthu wina wa dzina ngati lawo, ndipo wolakwitsa ndine. Ndinawapatsa envulopu ija. Anaiwerenga kawiri, chala chikutsata mzere uliwonse. Kenako anatulutsa mpweya wautali, n'kutsamira khoma, maso ali otseka.

“Ndiye kuti si ine?”

“Si inu, bambo,” anayankha Mayi Kalinde. “Ndipo m'fayilo yanu simulowa kalikonse. Ndasaina pamenepo ndine.”

Akazi awo a Mbewe sanakhutire. Anati pepala loyamba linamveka mudzi wonse, koma lachiwirili limveka pakhonde pano pokha. Ankanena zoona. A Mbewe anapinda mapepala awo atatu aja, n'kunena mofatsa kuti ali ndi pempho limodzi: tikanene zomwezi pamaso pa aphunzitsi anzawo.

Tinabwerera kusukulu nthawi yopuma. Ahedi anasonkhanitsa aphunzitsi pansi pa mtengo wa mango, naitanitsanso wapampando wa komiti ya makolo yemwe ankakhala pafupi. Abwana anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti woyankhula ndine. Ndinatchula dzina langa ndi ntchito yanga. Ndinanena kuti a Mbewe sanadandaulidwe ndi munthu aliyense, kuti ndinasokoneza mayina chifukwa chosatsimikiza. Wina atafunsa kuti nanga mwini wake wa kalatayo ndi wa sukulu iti, ndinayankha kuti zimenezo sindingaulule. Kenako mphunzitsi wina wamkazi anayamba kululutira, ena n'kumawagwira chanza a Mbewe. Wapampando uja analonjeza kuti akanena kutchalitchi ndi kumsonkhano wa makolo.

Tikukwera galimoto, a Mbewe anabwera pawindo langa. Tsopano sanandiitanenso kuti amayi.

“Mwana wanga, walakwitsa ndi dzanja koma wabwera ndi miyendo yako. Ambiri akanatuma munthu. Pita bwino.”

Akazi awo sanatitsanzike. Anapitiriza kutembenuza nyemba zawo, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Pobwerera ndinkadikira mawu akuti ndilongedze. Titayandikira pa boma, Mayi Kalinde anati andilembera kalata yochenjeza, ndipo nthawi yondiyesa aiwonjezera ndi miyezi itatu. Anatinso iwo alemba lipoti ku likulu lonena kuti anasaina kalata osaifananiza ndi dandaulo. Sindinayambe ndasangalalapo ndi chilango ngati tsiku limenelo. Nditafika kunyumba ndinakhala pakhonde nsapato zili kuphazi, thupi lonse lili lendee, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni wochokera nawo kuphiri.

Tsiku lotsatira ndinayenda pansi kupita ku ofesi ya zamaphunziro kukatsimikiza za a Mbewe achinyamata aja, ndipo kalata yoyenera inapita kwa mwini wake. Komiti inamva nkhaniyo patapita masabata awiri. Zomwe inagamula si zanga kuzinena, koma mayi wodandaula uja anadzandiuza yekha kuti ana asiya kupita kumunda. Kuchokera nthawi imeneyo tinasintha kachitidwe mu ofesi. Kalata yoitana munthu imapita kwa abwana itamatidwa pamodzi ndi dandaulo komanso tsamba la mndandanda, ndipo sukulu kapena chipatala chikasiyana ngakhale pang'ono, timaimba foni tisanalembe.

Ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zingapo tsopano, ndipo makalaliki atsopano ndimawaphunzitsa ndine. Kutsimikiza nambala amakumva msanga. Chimene ndimavutika kuwafotokozera ndi chimene ndinachiona pakhonde la kwa Dambe. Ndinkaganiza kuti munthu wosalakwa akalandira kalata yathu amangoseka, podziwa kuti choonadi chimuombola. Si choncho. Wolakwa amayamba kukonza bodza, koma wosalakwa amasiya kudya n'kuyamba kudzifufuza, mpaka atapeza kanthu koti adziimbe nako mlandu. Kalata yaboma imalemera kwambiri m'manja mwa munthu wolungama. N'chifukwa chake ndikadzimva ndikunena mumtima kuti “mwina anasamutsidwa”, kapena mawu ena alionse oyamba ndi “mwina”, ndimachotsa manja pa kompyuta, n'kunyamuka kukafunsa.