Nsomba za a Zimayendazokha

Sikisi koloko isanakwane, mayi a kuseri kwa mpanda wathu amakhala atagwira kale ndowa. Amatunga madzi mumgolo wa nsomba, kukwera pampando, n'kuwathira m'beseni la timiyala momwe mwamera timasamba tonunkhiritsa chakudya. Madziwo amasefeka m'mizu n'kutsikiranso kwa nsomba ali oyera. Ntchito imeneyi ndi ya pampu, koma pampuyo inafooka kalekale. Imangolira basi.

Amuna awo timawatcha a Zimayendazokha. Atapuma pa ukalaliki anaona ulimi umenewu pafoni. Anadula mgolo, kulumikiza mapaipi, kenaka n'kudzigulira chipewa. Chiyambire pamenepo ntchito yawo ndi yolandira alendo.

"Ndowe za nsomba ndiye feteleza wa mbewu, mbewu nazo zimatsukira nsomba madzi," amatero, manja ali m'thumba. "Munthu sakhudzapo ayi. Zimayenda zokha!"

Alendo amaomba m'manja, mayi ali kukhitchini kuwaphikira tiyi, nsalu ili yonyowa mpaka m'chiuno.

Tsiku lina mayiwo anayesa kunena. "Bambo, pampu ija sikukweza madzi."

"Simukuimva kulira? Chakufa chimalira? Zamakina tisiyireni eniake."

Mwezi uno mwana wawo wamkazi wabereka, ndipo mayi apita kukamuthandiza. Ponyamuka anafuna kufotokoza za madzi, koma bambo anawadula pakamwa.

"Pitani, agogo. Musamadzione ngati ndinu magetsi."

Sabata isanathe masamba anafota, madzi anayamba fungo, nsomba zonse zili pamwamba kukamwa yasa. Zingapo zinagadama. Bambo anada dzuwa, anada wogulitsa chakudya cha nsomba, anadanso mphaka wathu. Pampu anaimenya ndi silipasi. Pomaliza anazondotsa ndowa ija, kukhalapo, n'kuimbira foni akazi awo. Anamvetsera nthawi yaitali, n'kudzuka, kuiyang'ana ndowayo monga munthu amayang'anira mlendo wobwera nthawi ya chakudya. Sanaigwire.

Dzulo ndikuyanika zovala, chipewa chija chinatulukira pamwamba pa mpanda.

"Aneba, mwadzuka? Paja inu mumalawirira, komanso simuli pantchito. Anzanu aja akuti pali kenakake kamene amachita ndi madziwa, kakang'ono chabe. Ine msana wangawu mukuudziwa, umandivuta. Tabwerani muzidzachitako mpaka abwere, nsombazi zingandithere. Koma muzimaliza alendo asanafike."