Chigubu cha Mayi Faines

Achimwene anga a Sadick amakonza mafoni ndi makompyuta pa sitolo yathu, pa kamsika kena m'mbali mwa msewu wochokera ku Dowa kupita ku Ntchisi. Ine ndine Hajara, mlongo wawo, wogulitsa sopo ndi shuga mbali inayo ya kauntala. Kwa zaka khumi ndi ziwiri akhala akulemba pa tsamba lawo la pa intaneti, lomwe eni ake amati bulogu. Ankalemba za laputopu yolowa madzi, za batire yotupa, zoterozo. Owerenga anali anyamata a ku Lilongwe ndi ku Joni. Kwathu kuno palibe ankatsegulako, moti ine ndinkawaseka kuti amalembera mizimu.

Chinawasintha ndi kasupe. M'munsi mwa phiri lathu muli kasupe yemwe amamwetsa midzi itatu, ndipo dimba la Mayi Faines, amene amatigulitsa tomato, limadalira madzi omwewo. Tsiku lina mayiwa anabwera ndi dengu losadzaza. Anati kale chigubu chinkadzaza munthu asanamalize kupereka moni, koma tsopano umakhala pansi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kasupe akauma, dimba latha, ndipo mjigo wapafupi uli kuseri kwa phiri.

Sabata yomweyo achimwene analengeza pa bulogu kuti za mabatire zatha. Kuyambira pamenepo alemba za madzi, mitengo ndi manambala. Owerenga ambiri anathawa, wina mpaka analemba kuti bwanayu wasokonekera mutu. Iwo sanatekeseke. Anapatsa Mayi Faines wotchi yakale kuti Loweruka lililonse aziwerenga mphindi zomwe chigubu chikutenga kuti chidzaze. Kenaka anakoka zithunzi za phiri lathu zojambulidwa kumwamba ndi setilaiti, za zaka khumi ndi zisanu, n'kuzipereka ku makina aja amati AI kuti awerenge mitengo chaka ndi chaka.

Wolakwa anali atamupeza kale mumtima, makina asanayankhe n'komwe. Alimi a fodya! Achimwene akagwira mfundo sagwedezeka, ndipo pa kauntala ankalalikira aliyense wogula mchere kuti zigafa zoumitsira fodya zamaliza mitengo. Mutu wa nkhani anali ataulemba kale, ukungodikira manambala.

Manambala anabwera Lachitatu masana. Ndinangomva kuti zii mbali yawo, chonsecho munthuyo sakhala chete ngakhale akudya. Nditasuzumira ndinaona mzere wosonyeza kuchuluka kwa mitengo pa kompyuta ukutsika pang'onopang'ono, chifukwa cha zigafazo, kenaka pa chaka chimodzi n'kugwa kamodzin'kamodzi. Malo omwe mitengo inatha chaka chimenecho anali pamwamba penipeni pa kasupe.

"Chaka chimenechi kunachitika chiyani?" anandifunsa.

Koma abale! Ndinawayang'ana, n'kuyang'ana khoma la sitolo. Chimenecho ndi chaka chomwe tinagwetsa kasitolo ka zidina ka malemu bambo athu n'kumanga ino. Mauvuni atatu a njerwa, ndipo amene anaitanitsa nkhuni zowotchera njerwazo kuchokera m'phirimo ndi achimwene omwewo. Ankanyadira kuti njerwa zathu zinapsa bwino kuposa za aliyense.

Anayesa kukangana nawo makinawo. Mwina ndi mitambo, mwina chithunzi chinalakwika. Anabwereza katatu, yankho lomwelo. Ine zinandipsetsa mtima, ndipo ndinawauza kuti akafufuta chaka chimenecho, nkhani ya njerwayo ndiilengeza mokweza pamsika ndi pakamwa pangapa. Koma kunena zoona ndinawamveranso chisoni. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu anakhala pa mpando atagwira tsaya ngati mwana wolephera mayeso.

Nkhani anailemba. Anachotsa mutu wa alimi a fodya uja n'kuyamba ndi dzina lawo, chaka, ndi chithunzi cha khoma lathu. Imeneyo ndiye nkhani yoyamba ya pa bulogu yomwe ine ndinawerenga mpaka kumapeto.

Loweruka m'mawa anati ndiwaperekeze kukasupe. Ananyamula laputopu ndi mbande za katope ndi mkuyu pa njinga. Tinapeza Mayi Faines atakhala pamwala, wotchi ili m'manja, madzi akudontha m'chigubu ngati mkaka wa mbuzi yokalamba. Achimwene ananjuta, natsegula laputopu, nayamba kufotokoza za setilaiti ndi mzere wakugwa uja. Anazungulira ndithu asanafike pa mawu oti wolakwa ndi iwo.

Mayi Faines sanayang'ane n'komwe pa kompyutapo.

"A Sadick, zimenezi mwauzidwa ndi makina?" anafunsa. "Nkhuni zimene zija tinasenza ndife, pa ganyu. Ine ndinatuta masiku asanu ndi anayi. Mkuyu waukulu unali apo pali njinga yanupo."

"Nanga bwanji simunanene, mayi, nthawi yonse ija ndimanyoza alimi?"

"Munafunsa mphindi. Za mitengo simunafunse."

Achimwene anatseka laputopu. Mbande zija tinadzala, ngakhale tonse tikudziwa kuti mtengo sukula ndi changu cha munthu, ndipo kaya kasupe adikira, kaya sadikira. Tikumaliza, chigubu chinadzaza. Mayi Faines anayang'ana wotchi.

"Lembani, bambo. Mphindi makumi anayi ndi zitatu. Sabata yatha zinali makumi anayi."