Kefasi Akakhala pa Anthu

Kefasi, mwana wa mlongo wanga, akakhala yekha ndi munthu woumira. Ndinamuonapo akung'amba kamtengo ka machesi pakati kuti kayatse moto kawiri. Ndi tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda, ndipo chuma chake chonse ndi njinga yakuda. Chaka chimenecho njingayo inali ndi ntchito yaikulu, poti mkazi wake Tabeth anali woyembekezera, kuchipatala kuli kutali.

Koma muikeni pa anthu! Maso a anthu amamufufumitsa ngati mandasi m'mafuta. Atatu akamuyang'ana, khosi limatalika. Akakwana khumi, mutu wake umaonekera ku Chipata.

Tsiku lina la msika, mvula itangokata, tinapeza Rodrick, mkulu wa juga, atayala makadi atatu pakatoni. Ukaloza lofiira wadya, ukaphonya wadyedwa. Kefasi anaima kuti angoonerera.

"Tapatukani, afika abwana a fodya!" anakuwa wina.

Basi. Za m'thumba zinapita, chipewa chinapita. Anthu akuomba m'manja, iye akungomwetulira ngati ali pa ukwati wake. Kenako anakankha njinga n'kuitsamiritsa pakatoni paja.

"Iwe mphwanga," ndinatero, "tsiku lake likafika, Tabeth udzamubereka kumsana?"

"Amalume, inu zanu ndi bawo. Taonani anthu akudikira."

Dzanja lili m'mwamba kuti aloze, kanthu kofewa kanamutera pamphuno. Ngumbi. Inabwera ina, inanso, kenako chulu cha kuseri kwa msika chinafuka mapiko okhaokha ngati utsi. Dzuwa lamadzulo linkawala m'mapikomo, msika wonse n'kumaoneka ngati ukuyandama. Amayi anathamangira kuchulu ndi mabeseni, abambo ndi zipewa, wakanyenya anasiya nyama pamoto.

Tinatsala atatu. Ndinamuona ndi maso angawa Kefasi akuphwa, khosi likubwerera m'kolala pang'onopang'ono. Anacheukira uku ndi uku, woomba m'manja panalibe. Makadi aja anawayang'ana ngati munthu wongodzuka kutulo.

"Lozanitu, bwana," anatero Rodrick.

"Bwana wake uti? Ndine tenanti ine, achimwene. Njingayi ikudikira wodwala kunyumba."

Rodrick anaunguza anzake omuthandiza kukuwa, koma nawonso anali kuchulu, akupikisana ndi amayi. Kefasi anakwera njinga yake, ine pakaliyala, n'kulowa mumtambo wa ngumbi kukamwa kuli yasa. Pofika kuesiteti tinali titakhuta, moti mawa lake sitinadye.